Ulemu Unandiulutsira Galasi

Pali mavuto ena oti munthu umachita kuwaitana wekha, n'kuwayalira mphasa.

Ndine mkamwini kwa Milonde, komanso ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro a sayansi. Kafukufuku wanga anali wopaka pulasitiki yodutsa magetsi pa tizidutswa ta galasi, kuti tizikola mphamvu ya dzuwa. Pulasitikiyo amaisungunula n'kukhala madzi amtundu wa pepo. Umadontheza pagalasi, makina n'kulizungulitsa mwaliwiro mpaka madziwo atayala kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi. Makina a kusukulu anafa, ndiye patchuthi ndinabwera kumudzi ndi kabotolo komaliza ka madziwo. Kakanatha popanda galasi labwino, kunali kubwereza chaka basi.

Ndinamasula injini ya fani ya batire (ya mkazi wanga Esinati, ndipo sindinapemphe), n'kumata galasi pamwamba pake ndi chingamu. Ikamazungulira ndinkavindikira ndi beseni, n'kuligwira zolimba kuti madzi asamwazike. Magalasi oyamba anachita mtambo ndi chinyezi cha chiperoni. Otsatira anamata fumbi la gaga. Ndinatopa, anthuni.

Tsiku lina dzuwa linawala. Ndinatulutsa zonse pabwalo, pafupi ndi chingwe cha zovala, n'kuthira madontho otsiriza. Injini itangolira, apongozi anga aakazi anatulukira kudzaanula bulauzi yawo yoyera ya kumpingo.

Kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Thupi linangochita zomwe linazolowera: ndinanjuta, nkhope kumbali, n'kuyamba kuwomba m'manja. Manja omwe aja ogwira beseni! Beseni linagubuduka, chingamu chinagonja, galasi n'kukasweka pakhoma. Madzi a pepo onse anathera pabulauzi.



"Iwe Esinati," anaitana apongozi, maso ali kuphiri, "tawafunse amuna akowa, sukulu yawoyi ndi yopenta zovala?"

"Uwauze kuti ndi sayansi," ndinanong'oneza Esinati atafika.

"Awuze sayansiyo aichape," anatero apongozi.

Ndinachapa ndi sopo, ndi mandimu, mpaka zala kusupuka. Pulasitiki imene inakana galasi tchuthi chonse inagwira nsalu mosalala bwino (aphunzitsi anga akanaona akanasangalala). Apongozi anapita kumpingo ndi bulauzi yobwereka, yothina m'khwapa, ndipo aliyense wofunsa ankamufotokozera bwinobwino.

Chaka ndikubwereza. Apongozi ndimawanjutirabe, koma masiku ano ndimayamba ndazimitsa injini.