A Felton ndi Mabelo a Milandu

A Felton Malizani, amene anatisiya chaka cha 1996 mvula itangoyamba, anali munthu yekhayo m'dziko muno amene ankasunga mafayilo a boma ngati fodya. Si fanizo ayi. Ankawasoka, kuwapachika m'chigafa, kuwasankha magiredi, ndipo m'mawa kukachita nkhungu ankawasisita ndi chala kuti amve ngati afewa.

Musawaweruze msanga. Makolo awo anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mponela, ndipo iwo anakulira m'chigafa mpaka kukhala katswiri wosankha fodya. Ntchito yosunga mafayilo pa khoti la mafumu, kuseri kwa mapiri panjira ya ku Kasakula, anaipeza chifukwa mlamu wawo anali tcheyamani wa chipani, yomwe masiku amenewo inali setifiketi yokwanira. Tsiku loyamba anawalowetsa m'kachipinda kodontha n'kuwauza kuti, "Mapepala awa asaole." Maphunziro a ntchito anathera pomwepo. A Felton anayang'ana katunduyo: zinthu zopyapyala, zoopa chinyezi, zoyoyoka zikauma kwambiri. Iwo ankadziwa chinthu chimodzi chokha cha khalidwe lotere.

Anamanga chigafa kuseri kwa khoti. Milandu ya mbuzi, ya chigololo, ya malire a minda, yonse anaiboola pakona, naisoka, naipachika pa mikangala. Kenaka anasankha. Osati potsata chaka, mudzi kapena dzina. Zimenezo n'za anthu osadziwa tsamba. Mapepala achikasu owala anali giredi yoyamba. Ofiirira, yachiwiri. Amawangamawanga anapita kumapeto kwenikweni, koyandikira chimbudzi. Motero mlandu umodzi unkatha kuyambira kum'mawa kwa chigafa n'kukathera kumadzulo, malinga ndi nkhope ya pepala.

Zaka zonsezo palibe anadandaula, pakuti nthawi ya chipani chimodzi munthu wopempha kuona pepala la boma ankakhala kuti watopa ndi kugona kwawo.

Kenaka kunabwera matipate. Khoti linatsekedwa, antchito onse anasamutsidwa, kupatula a Felton, omwe boma linawaiwala pamodzi ndi mapepalawo. Patapita miyezi, panafika bwana wachinyamata wa tayi, a Dominiko, pa njinga yamoto.

"Bambo Malizani, dziko lasintha. Zolembedwa izi tsopano n'za anthu. Aliyense wofuna kuwerenga muzimupatsa."

"Zikomo bwana. Koma azibwera m'mawa."

"Chifukwa?"

"Masana zimauma. Mukagwira zimangothetheka."

A Dominiko analowa m'chigafa, nakweza maso. Mbiri yonse ya deralo inali kulendewera pamwamba pawo, ikugwedezeka pang'onopang'ono ndi kamphepo.

"Nanga za 1978 zili pati?"

"Zamaonekedwe otani, bwana?"

Bwanayo anamasula tayi. Pochoka analonjeza kuti kubwera galimoto yodzatenga zonse kupita nazo kumalo oyenera. A Felton anasesa msewu kuyambira pakhoti mpaka pamlatho. Anali asanaphunzire kuti pa chilankhulo cha boma, mawu akuti "ibwera" satanthauza kuti pali chinthu chimene chanyamuka.

Woyamba kudzagwiritsa ntchito ufulu watsopanowu anali a Kalebe, nkhalamba yokhala ndi dimba m'mphepete mwa kamtsinje. Kalekale khoti lomweli linagamula kuti dimbalo ndi lawo. Tsopano ana a mdani wawo wakale anali atalilanda, akunena kuti zigamulo zakale zinapita ndi chipani. Ku boma anawauza kuti akabwere ndi pepala la chigamulo, apo ayi aiwale.

A Felton anasangalala ngati mlimi woona wogula. Anawapatsa mpando, anawapatsa madzi.

"Pepala lanulo linali lotani, achimwene?"

"Lolembedwa."

"Ndikunena khungu lake."

"Tsiku limenelo linali loyera."

"Aaa," anatero a Felton mwachisoni, "onse amayamba choncho."

Anayamba kufufuza. A Kalebe sankadziwa kuwerenga, a Felton maso anali atayamba kuchita chifunga, ndiye pepala lililonse ankaliwerenga mokweza, chala chikutsata. Mawu anamveka kumsewu. Pasanathe sabata, anthu ankabwera ndi mipando yawo kudzamvera. Kunalibe wailesi yoposa pamenepo. Anthu anamva chimene chinasowetsa ng'ombe ya uje, ndi chifukwa chimene ana a uje amafanana ndi anthu a kutsidya. Mkulu wa mpingo, a Stefano, ankakhala kutsogolo n'kumavomereza kuti choonadi chimamasula, mpaka tsiku lomwe panatsika tsamba lofiirira lonena za bambo awo, mkazi wa mwini golosale, ndi zenera.

"Dimokalase iyenera kukhala ndi malire!" anakuwa a Stefano atanyamula mpando wawo.

"Bwererani, akulu," wina anawaitana, "tsamba lachiwiri lisanapezeke bambo anu akadali pazenera!"

Anthu ankaseka, koma a Felton usana uliwonse ankaona a Kalebe akubwerera kwawo chimanjamanja, kudutsa pafupi ndi dimba lomwe ena ankathiriramo kabichi. Zinkawapweteka. Moyo wawo wonse anasunga mapepala aja osaola ngakhale limodzi, ndipo tsopano anazindikira kuti kusunga ndi kupeza si pachibale.

Tsiku lina a Felton anakuwa. "A Kalebe! Dzina lanu ili!" Anawerenga mpaka mzere womaliza: "Khoti litamva mbali zonse ziwiri, lagamula kuti dimba lija ndi la..." Anatembenuza. Kumbuyo kunali koyera.

"La ndani?"

"Zili patsamba linalo."

"Ndiye lili kuti?"

A Felton anayang'ana mikangala yosawerengeka ija. "Liyenera kuti linapsa mosiyana ndi linzake."

A Kalebe anapita nalo ku boma tsamba limodzilo. Anawayamikira chifukwa cha khama, nawauza kuti chiganizo chikatha abwerenso.

Mwezi wa Okutobala chiswe chinamaliza mizati ya chigafa, ndipo denga linayamba kuwerama ngati likupempha pepani. Galimoto inali ikubwerabe. A Felton, omwe tsopano ankatsokomola kwambiri, anayang'ana mitambo ikusonkhana pamwamba pa mapiri, napita kukabwereka jeke yodindira fodya ndi ziguduli.

"Mukadinda, tsamba langa ndilipeza bwanji?" anafunsa a Kalebe.

"Tikalisiya pamtunda liola, achimwene. M'belo likhala lilipo."

"Lilipo, koma kuti?"

A Felton anayamba kuyala ziguduli. Anadikira m'mawa wa chinyezi kuti mapepala afewe, monga mwa mwambo wa fodya, ndipo nkhalamba ziwirizo zinapotokola jeke pamodzi, wina akulira mumtima, wina akutsokomola. Mabelo anatuluka okongola, amakona anayi, oti ku okushoni akanawaombera m'manja. Anawakokera pakhonde la khoti. Mvula yoyamba inagwetsa chigafa, ndipo sabata yotsatira tinaika a Felton m'manda.

A Dominiko anabwera kumaliro, natsegula belo limodzi kuti aone. Mapepala onyowa aja, atafinyidwa, anali atagwirana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati njerwa. Anayesa ndi mpeni, mpeni unapindika. Analemba lipoti loti zolembedwa zonse zili pamalo amodzi ndipo n'zotetezeka, zomwe zinali zoona.

Masiku ano pakhoti paja pali zii. Palibenso mawu aja owerenga mwapang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade 2, milandu ya anthu omwe anafa kalekale. Nkhungu ikatsika m'mawa, palibe wothamangira kukaona ngati mbiri yafewa. Mabelo ali pakhonde, anthu odikira matola amakhalapo, ndipo amati ndi abwino kumsana.

A Kalebe amabwerabe. Dimba linapita, iwonso akudziwa. Amafika m'mawa, n'kuima kanthawi akuyang'ana mabelo aja limodzilimodzi, kenaka n'kukhala pansi, padothi. Mukawauza kuti akhale pa belo ngati anzawo, amapukusa mutu.

"Munthu sukhalira dimba lako, mwanawe. Nanga ndidziwa bwanji kuti si ili?"