Madzi Ovina Kuseri kwa Diso Langa

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndafika kale ku makina aja a MRI, ojambula m'mutu ndi maginito. Paja mukuliona diso langa lamanzereli mmene latuzukira. Adokotala akuti kuseri kwake kuli chotupa, ndipo chithunzi ndicho chinene ngati diso litsale kapena lichotsedwe.

Pakhomo kalaliki anandifunsa, "A Chimtengo, muli ndi chitsulo chilichonse?" Ine wokhoma zidebe ndinakanitsitsa. Ndiye misomali inayamba kutuluka m'matumba mwanga pamzere, nyundo pambuyo, zonse kukakakamira pa makinawo, nyundo ikudandaula kuti sinatsanzike kunyumba. Mwadzidzidzi kalaliki uja anasanduka bilimankhwe wovala tayi.

"Lamulo ndi limodzi, bambo, diso lisagwedezeke," anatero, lake lina lili kudenga, lina pa nsapato zanga.

Ndiye ndinagona m'mphako ya makinawo, iwo n'kuyamba kukhoma, gu gu gu, mwaluso moti nsanje inandigwira. Kenako anayankhula ndi mawu a malemu azakhali anga.

"Ine ndimaonera madzi, mwanawe. Akamavina momasuka m'chotupamo, n'chofatsa. Akathinana ngati anthu m'minibasi, n'khansa."

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili kuseri kwa diso langa lomwe, m'kachipinda kofunda. Chotupa chinali pampando, miyendo itapingasa, chikutafuna nzimbe.

"Odi," ndinatero.

"Lowani, kwanu konkuno," chinayankha.

M'mimba mwake munkamveka ng'oma. Anzanga, mtima unadumpha ndi chimwemwe. Ndinamva timadontho ta madzi tikuimba, tikuponda, wina akuliza likhweru. Koma kodi tinkavinadi, kapena tinkangopondana pofuna potulukira? Phokosolo linkachokera chakumanzere. Ndinapirira, ndinapirira, ndiye ndinangoti ndiyang'ane mwakuba kamodzi kokha, diso n'kutembenuka.

"Wagwedeza," anatero makina. "Chithunzi chafufutika. Tiyambirenso."

Ndinachonderera kuti angondinong'oneza zomwe aonazo. Anakhosomola, nati, "Madzi akowa..." Ndiye kunangomveka tho, tho, tho.

Ndinadzidzimuka. Linali denga lathu lija likudonthera m'chidebe, kunja kutayera. Akazi anga, mayi a Lusayo, anali atandisitira kale malaya opanda zipi.

"Dzukani bambo, kuchipatala ndi lero," anatero.

Ndinagwada pa chidebecho, ndinatseka diso labwinoli ndi dzanja, n'kuyang'ana ndi lodwalalo osaligwedeza. Madzi ankavina.