Mzungu wa M'kwaya ya Amayi

Lolemba

Kuyambira lero ndine pulodyusa! Pulogalamu yojambulira nyimbo ndaigula kwa Tawanda, uja wa kashopu ka makompyuta pa Makoni. Ndalama za kuno sazifuna, akuti zimaola asanafike nazo kunyumba. Ndamupatsa mabotolo anayi a mafuta ophikira amene akazi anga, mayi a Chisomo, anabwera nawo kuchokera ku Musina, kutsidya kwa malire. Iwo sakudziwa.

Ntchito yoyamba ilipo kale. Amayi a kwaya ya kumpingo kwathu akufuna nyimbo zisanu za Chichewa pa sidi, zokagawira alendo Loweruka pa ukwati wa mwana wa Mayi Banda, wapampando wawo. Akuti adzukulu ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chishona, mwina sidi adzaimvera.

Zomwe ndili nazo: kompyuta imene mlamu anasiya popita ku Joni, maikolofoni yobwereka kutchalitchi, bulangeti pakhoma.
Zomwe ndilibe: magetsi.

Lachiwiri

Magetsi abwera masana! Ndizungulira dera lathu lonse la Seke kuitana amayi. Khumi ndi awiri apanikizana pabalaza, wina wakhalira mkono wa sofa mpaka wathyoka. Koma kuimba kwake! Tsitsi kuchita kuima.

Nyimbo zitatu zatheka. Ndidina posungira. Patuluka kabokosi ka Chingerezi chaulemu kwambiri: pulogalamu yanga imajambula, koma kusunga ndi kwa amene alipira apudeti, chowonjezera cha pulogalamuyo.

Ndikuwerengabe, magetsi thii.

Mayi Banda: "Zalowa, bambo a Chisomo?"
Ndati zalowa. Sindinaname. Kungoti zatulukanso.

Lachitatu

Tawanda sakudabwa n'komwe. "Mudhara, munagula galimoto. Matayala ndi padera." Akufuna marandi.

Ndikwera kombi, minibasi ya kuno, kupita kubanki m'tauni. Mzere wazungulira nyumba ziwiri. Pofika pawindo, zomwe amalola kutapa sizikukwananso kombi yobwerera, mtengo wakwera ine ndili pamzere. Msewu wa Seke ndauyeza ndi mapazi.

Madzulo ndapereka jekete la suti. Tawanda waliyesa, wadziyang'ana pagalasi, wandipatsa apudeti. Ukwati wa chilimwe sufuna jekete.

Lachinayi

Ikusunga! Amayi abweranso, ndawauza kuti tikungokonza mawu a besi. Nyimbo zonse zisanu zalowa. Tikhala chete kuti timvere.

Ndime yoyamba bwinobwino. Pakati pa "Ambuye ndinu thanthwe langa" pamveka mawu a mzimayi wachizungu, odekha ngati a nesi: "Demo version." Amayi apitiriza. Iye abwereza. Pa nyimbo iliyonse alipo, ndipo sachedwa.

Mayi Banda avula magalasi. "Mzunguyu wamulowetsa ndani m'kwaya yathu? Yunifomu alibe, chopereka sanaperekepo."

Kubwerera ku Makoni. Tawanda akuti apudeti yadzulo inali yosungira. Yochotsa mzungu ndi ina. Pali inanso yowonjezera ng'oma, koma imeneyo akuti sandikakamiza. Munthu wachifundo!

Lachisanu

Mayi a Chisomo atsegula katoni ya mafuta. Sanakuwe. Angonena kuti anagona masiku awiri pamzere wa pamalire ku Beitbridge, miyendo itatupa, kuti ine ndigule mzungu. Ndiwo zalero zophika ndi madzi ndi mchere. Mbale yanga aiika pafupi ndi kompyuta.

Ndapereka ayironi kwa Tawanda. Popanda magetsi ndi mwala basi.

Apudeti yachiwiri yalowa. Zotsatira zake:
mzungu wachoka,
nyimbo zadzulo sizikutseguka, akuti ndi za mtundu wakale,
kompyuta ya mlamu yachepa mphamvu, ikungozungulitsa kabwalo pakati pa sikirini.

Mtundu wakale! Nyimbo za dzulo masana! Ndi mmene amachitira ndi ndalama zathuzi: achotsa maziro, asintha mtundu wa pepala, ati zatsopano, buledi yemweyo osamupeza.

Tawanda akuti ali ndi memori yoti kompyuta ithamange. Wafunsa ngati buluku la suti lija lilipo.

Loweruka

Ukwati ku Nyatsime. Ndakhala kumbuyo, shati yamakwinya, dzuwa lili pamutu.

Nthawi ya mphatso Mayi Banda aimirira. "Sidi yanu ili ndi bambo a Chisomo. Ali apo, osavala jeketewo. Aliyense akawafunse yekha." Mitu yonse yatembenuka. Agogo ena andiwombera m'manja, sanamve bwino.

Kenako amayi aimba popanda chida chilichonse. Mkwatibwi walira mpaka ufa wakumaso wasungunuka. Adzukulu aja akuyankhira m'Chichewa chopindika, koma akuyankhira. Palibe chojambulira ngakhale chimodzi, ndipo wofunsa palibe.

Pamzere wa chakudya ndikumana ndi jekete langa. Tawanda ndi msuweni wa mkwati! Likumukhala bwino kuposa ine. Wandinong'oneza kuti kukubwera pulomoshoni yotsitsa mitengo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, mutu. Maikolofoni apita nayo mayi a Chisomo, ataikulunga m'chitenje ngati maliro a mwana wa nkhuku.

Magetsi alipo tsiku lonse, lero limene sindikuwafuna. Ndiyatsa kompyuta, kungoona. Kabwalo kazungulira mpaka masana, kenako pulogalamu yatseguka! Yokongola, mabatani onyezimira, chinthu chatsopano kuposa china chilichonse m'nyumba muno. M'kati mulibe nyimbo.

Kabokosi kena: kwatuluka mtundu watsopano, wabwino koposa. Ndawerenga kawiri.

Mayi a Chisomo atabwera ndawafunsa, mongocheza, ngati wailesi yathu tikuifunabe. Aichotsa pa shelefu, aitsekera kuchipinda, kiyi aponya m'bulauzi.