Bambo Ake Yosefe Akadali pa Kalomo

Lolemba

Kabatani kofiira ndadina. Kaseti ikuzungulira, ndiye kuti ikumva.

Wailesi iyi anandipatsa Yosefe, mwana wanga, kuti ndikambiremo mbiri ya malemu bambo ake, mkazi wake azimvera n'kumalemba. Mbiri ndinamaliza. Malo atsalawa ni anga.

Sondo ikubwerayi tivundukula chiliza cha bambo ake Yosefe. Alamu anga a Lingisoni akubwera kuchokera ku Dedza. Zaka zonsezi kwawoko amanditcha mkazi wa kunjanji, ati mbale wawo anangonditola m'tauni monga amachitira matchona onse. Ndiye ine ndauza akulu ampingo kuti mbiri yowerenga pamanda ituluka m'kompyuta, ndipo mmenemo mulembedwa kuti tinamanga ukwati m'tchalitchi, ndi mphete, ndi dzina langa lonse. Cholemba dzanja munthu amatsutsa. Cholemba makina utsutsa bwanji?

Kompyutayo ili pa tebulo pabalaza. Anamusiyira Yosefe ni bwana wake wa kuhotelo, mzungu, pobwerera kwawo. Ili ndi galasi, bokosi long'ung'udza ngati njuchi, ndi thabwa la mabatani. Zilembo zake zobiriwira, zimawala zokha ngati ziphaniphani. Ine sindiwerenga, koma kukongola ndimakuona.

Sabata yatha apongozi anga, mkazi wa Yosefe uja, amake Mutinta, zala zawo zimagwa ngati mvula pa malata. Madzulo amodzi chabe bambo ake Yosefe anabadwa, anabatizidwa, analisha mbuzi, n'kunyamuka wapansi kukafuna ntchito.

Lero ayi. Apongozi akudina, palibe. Tikhala. Tikhala. Kenako kachilembo kamodzi, tulukiru. Akafulumira ikulira kuti pii, mawu n'kuwataya.

Yosefe wazimitsa, wayatsa. Ikudzuka ngati ine m'mwezi uno wa chisanu.

Ndikufunsa kuti afika pati. Apongozi ati, "Ali pa Mchinji, amayi. Malire sanadutse."

Ine ndikuti ikuganiza. Nkhani ya munthu uja si yopepuka.

Lachiwiri

Yosefe ati yadzaza, tiichotse katundu. Ndabwera ndi beseni, wandiseka.

Zomwe wachotsa, malinga ndi pakamwa pake:
makalata onse a mzungu uja,
mayina a alendo amene anagonapo kuhotelo,
masewera a kanjoka kodya timadontho.

Ndayang'ana kuseri kwa tebulo, pansi, m'waya momwe. Palibe chagwa. Ndikuti zapita kuti? Ati zafufutika. Ndikuti inde, koma zafufutikira kuti? Ati, "Amama, musanisokoneze."

Atatuluka ndanyamula bokosilo pang'ono. Kulemera kumodzimodzi ndi dzulo. Anthu onse aja atuluka, ilo osapepuka. Ambuye, zinthu zimene mwalola kuti ndione ndisanafe!

Liwiro silinabwere. Bambo ake Yosefe afika ku Fort Jameson, akunyamula masaka pa sitolo ya mmwenye.

Apongozi, maso ofiira, ati bwanji akatayipe kuntchito kwawo ku bwalo la ndege. Ndakana. Mpingo wonse ndinauuza kompyuta. Apongozi ayamba kuseka, ati ngakhale ndikanavomera, taipi yawo ilibe riboni, riboni ikusowa ngati shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja. Mtonga uyu mtima wake ni wabwino.

Lachitatu

Ba Mubita aneba athu, amene amalumikiza mawaya m'nyumba za anthu, abwera ndi sikuludiraiva yoyaka kumchira. Agunda apa, agunda apa. Ati malaiti ni ochepa, makina ali ndi njala.

Tazimitsa firiji, simbi, chitofu, babu la pakhomo. Wailesi yanga yapulumuka chifukwa imadya mabatire.

Sizinakwane. Ba Mubita ati waya wathu ni umodzi ndi mzere wonse. Ndamanga chitenje, khomo ndi khomo m'komboni mwathu mwa Dambwa, kuno ku Livingstone, kupempha anthu azimitseko madzulo ano chabe. Ena azimitsa. Amake Beatrice ati azimitsa akamaliza kuwotcha tsitsi.

Poyenda ndikuganiza: madzi onse aja amagwa ku Mosi-oa-Tunya usana ndi usiku, mpaka utsi kuoneka kuno, ndiwo amapanga malaiti. Ndiye kabokosi kamodzi osakhuta nawo. Mimba yake ni yotani?

Kuyenda kwanga kwafika m'makutu a ba Cheyamani a chipani m'dera lino. Abwera ndi chipewa chawo. Choyamba makadi a chipani, tawaonetsa. Chachiwiri, "Makina aya sakamba ndi adani a dziko kum'mwera?" Yosefe ati dinani nokha muone. Adina. Aimirira. Asintha mwendo. Chilembo chawo chitatulukira avula chipewa, ati, "Iyi ngakhale ikhale kazitape, uthenga uzafika nkhondo itasila." Koma kuchoka sakufuna. Apempha kudinanso kachiwiri.

Nyama ya alendo a Sondo yasungunuka m'firiji. Tikuiwamba pa mbaula.

Bambo ake Yosefe ali pa Petauke, mapazi atupa.

Lachinayi

Tsiku la amayi a Mvano. Tikutuluka m'mapemphero, gulu lonse landitsata kudzaona. Nsapato avulira panja popanda wowauza. Amake Beatrice akukokera chitenje kumapazi, ati nanga ngati galasilo limaona.

Tayimba nyimbo imodzi motsitsa mawu kuti tisaisokoneze.

Tili mkati moyimba apongozi afika ndi bambo wa kuntchito kwawo, wa tayi, amene anaphunzira za makinawa ku Lusaka. Wakhala pansi, wadina, wadikira, wapukusa mutu. Ati ili ndi kachilombo. Ati kanalowa ndi timbale takuda ta kompyuta timene Yosefe amabwereka kwa anzake, kuchoka m'makina ena kulowa ena.

Mawu amenewo masiku ano sitiwamva mopepuka, maliro achuluka. Amayi abwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Amene anakhudza galasi apita kumpope kukasamba m'manja.

Ndikufunsa, kamachizika? Ati inde, mankhwala ake ni kambale kena, kali ndi mnzake ku Lusaka, mwina mwezi wa mawa. Ndikuti kachilomboko tingakaone? Ati ayi, si kanyama, ni mawu chabe amene munthu wina analemba kutali.

Mawu chabe! Munthu kulemba mawu kutsidya kwa nyanja, n'kudwalitsa chinthu cha m'nyumba mwanga m'Dambwa. Kwathu zimenezo zili ndi dzina lake, koma pamaso pa amayi a Mvano sindinalitchule.

Alendo atapita ndaifunditsa nsalu ya patebulo. Wodwala sakalipiridwa.

Bambo ake Yosefe ali m'mbali mwa Luangwa, akudikira bwato. Kunena zoona pamenepo anadikiradi nthawi yaitali.

Lachisanu

Ba Mubita sakhulupirira za kachilombo. Ati ni fumbi. Atsegula bokosi.

Ndaona mkati ndi maso angawa.

Muli tauni. Misewu yasiliva yowongoka kuposa ya kumayadi, tinyumba takuda m'mizere, timathanki, kamphero kozungulira. Munthu mulibe ngakhale mmodzi, koma ntchito ikugwirika. Ndafunsa kuti bambo ake Yosefe ali pati mmenemu. Yosefe waloza kachitsulo konga chitini cha nsomba. Ndagwada kuti ndione bwino. Munthu wamtali uja, ndi Luangwa yemwe, m'kachitini.

Apopa ndi pampu ya njinga. Zatuluka: fumbi, mphemvu youma, dzira la nalimata, ndi njere ya chimanga imene palibe akuidziwa.

Atseka. Kasikulu kamodzi katsala pa tebulo, ba Mubita ati azungu amaika tambiri dala.

Tayatsa, ndipo yathamanga. Apongozi zala ngati mvula ija. Bambo ake Yosefe awoloka, akwera mapiri, adutsa Rufunsa. Ndaimba nthungululu, ba Mubita akugwirana chanza ndi aliyense. Tiyi asanawire yabwerera mwakale. Pii.

Madzulo alamu a Lingisoni atsika basi. Akalamba, koma khosi likadali lija. Moni wandipeza pomalizira, pambuyo pa ana. M'thumba la jekete ali ndi mbiri yawoyawo yolemba pamanja. Amuwerengera Yosefe ine ndili kukhitchini, khutu kukhomo. Ati malemu anasiya ana m'dziko la eni. Za ine mulibe. Anawo anagwa mumtengo kapena.

Yosefe wawauza kuti akulu ampingo anagamula kale, yowerenga ni ya m'kompyuta. Ati tiione. Tawavundukulira nsalu. Aima patsogolo pake, atatsamira ndodo. Kenako awomba m'manja pang'onopang'ono monga pofika pakhomo pa eni, ati, "Ndiye mkulu wanga ali m'menemu?"

Apo ndawamvera chisoni, pang'ono.

Loweruka

Apongozi sapita kuntchito. M'mawa ndawakokera kuseri kwa nyumba. Ndikuti mwana wanga, tidule njira. Mkango wa pa Chongwe chotsani. Zophikira mzungu ku Lusaka chotsani. Malungo chotsani. Akwezeni sitima afike kuno, tikwatirane, basi. Zikundiwawa, mkango uja ankaukonda, koma mawa ni mawa.

Apongozi ati zitheka dzuwa lisanalowe.

Sitinawerengere alamu. Akoka mpando, akhala pambali pa apongozi, magalasi pamphuno. Iwo amawerenga. Chilembo chilichonse chikatuluka akuchilandira ndi mutu.

"Mwadumpha Lusaka, mayi. Ku Lusaka anatitumizira bulangeti."

Bulangeti lalowa.

"Pa Kafue analemba kalata yofunsa za amayi athu. Mayi athuwo dzina lawo lilembedwe."

Lalembedwa. La mlongo wawo. La malume awo amene anamuperekeza mpaka kudambo. Ndikutsokomola kukhomo, apongozi akundiyang'ana ngati mbuzi ya pachingwe. Angawakanize bwanji apongozi aamuna, chikhalirecho munthu akupukuta misozi?

Ndawaitanira chakudya, ati abweretsereni pompano. Ndati mpando wa panja uli ndi kadzuwa, ati chisanu sachimva. Ndatuma Yosefe akawaonetse mathithi, munthu wachokera kutali. Ati madzi ndi madzi, kwawonso aliko.

Yosefe wanditengera pambali, ati bwanji mawa tingonyamula wailesi, anthu amve kaseti pamanda. Ndati yesa. Sakudziwa kuti mbiri ikangotha pamabwera mawu anga a sabata yonse, khosi la alamu lili momwemo. Walemba pamanja kapepala ka ukwati wathu kuti akulu ampingo akawonjezere. Alamu aona, ati ngati za pamanja zikuloledwa ndiye yawo iyambe, ndiwo akulu otsala kubanja. Kapepala kabwerera m'thumba.

Dzuwa likulowa. Bambo ake Yosefe ali pa Choma. Yosefe ati mawa m'mawa tisindikize zomwe zilipo, chifukwa chosindikiziracho nachonso chikulandira mawu mwa apo ndi apo.

Ndakhala ndi kompyuta ndekha pang'ono. Sindinaikalipire. Ndangoiuza kuti mayi, kwatsala pafupi, Choma ndi pano sitima imayenda tsiku limodzi losakwana. Ikungong'ung'udza.

Sondo

Apongozi adzuka ndi nkhuku, awonjezako mizere ingapo mpaka belu loyamba. Kenako chosindikizira, zii, zii, ngati njenjete. Pepala latuluka lalitali, la timabowo m'mbali, lofunda ngati buledi. Ndalinyamula ndi manja awiri.

Kumanda anthu ngati msonkhano wa chipani. Ba Cheyamani, ba Mubita, mzere wonse umene ndinauzimitsa malaiti. Theka abwerera pepala, ndikudziwa.

Nsalu yachotsedwa, mwala ni wokongola. Akulu ampingo atambasula pepala, lafika m'mawondo. Awerenga bwino, mokweza. Dedza, Mchinji, mapazi otupa, bwato, bulangeti. Anthu akuti mmm pa malo alionse. Ine ndikuti kapena usiku inadziwonjezera yokha, chinthu chanzeru chotere.

"Atafika pa Kalomo anatsika sitima kuti akamwe madzi, ndipo"

Akulu ampingo atembenuza pepala. Kuseri koyera. Ayang'ana Yosefe, ayang'ana ine. Ati, "Amen."

Anthu ati Amen.

Alamu mbiri yawo ija sanaitulutse n'komwe. Alira ngati mwana. Pamaso pa gulu lonse apempha pepalalo, ati akalionetse ku Dedza, mudzi wonse udziwe kuti mbale wawo analembedwa ndi kompyuta. Ndikanati chiyani? Alipinda bwinobwino, alowetsa m'Baibulo. Andigwira dzanja koyamba chibadwire, ati, "Zikomo mayi, mwasunga bwino makina."

Basi yawo ni ya mawa m'mamawa. Mbiri ikupita kwawo, munthu ali mbeta pa Kalomo ndi kapu ya madzi m'manja.

Manje nyumba yapola, mbale tatsuka. Firiji tayatsa. Kompyuta ikung'ung'udza pansi pa nsalu yake, sindinaisungire kanthu kukhosi. Inanyamula munthu kuchoka ku Dedza ikudwala, ine sindikanatha.

Apongozi ati mawa akaweruka apitiriza, chilembo chimodzichimodzi, ngakhale womvera palibe. Ndati pitirizani. Akamwa madziwo akwere sitima, atsike pa Livingstone, afunse njira ya ku Maramba. Pampope pali mtsikana wa diresi lamaluwa, ndowa yadzaza kale koma sakuchoka.

Asathamange, mapazi aja ndiwadziwa. Andipeza.