Kusaka Dalaivala wa Sitima ya ku Dubai

Lolemba

Ndili ku Al Twar, kwa mwana wanga Mariamu. Ndege yobwerera kwathu ndi ya Lamulungu, ndiye ndisagone tulo.

Pulani yanga, yomwe Mariamu sakuidziwa: kuonana ndi dalaivala wa sitima ya Metro, kumupatsa moni, kumufunsa kuti ntchito imeneyi amalowera khomo liti. Zaka makumi awiri ndakhala pa chiwongolero cha minibasi ya Limbe-Bangwe, mpaka bwana anaigulitsa. Mayi a Mariamu ndinawalonjeza kuti sindibwera chimanjamanja. Dalaivala ndi dalaivala mnzake amamvana, olo chilankhulo chisiyane.

M'thumba la jekete:
laisensi
kalata ya bwana
mtedza wokazinga, mphatso ya dalaivalayo

Sitimayo ndikuiona pazenera. Ikuyandama pamwamba pa galimoto zonse, osaliza hutala, osapikisana ndi mnzake. Abale inu, kumwambako kulibe wapolisi wokuimika!

Lachiwiri

Pa siteshoni palibe woitanira, palibe wokutsomphola chikwama. Pali makina okha, ndipo akufuna ndisankhe:
tikiti yofiira, ya pepala, ya alendo
khadi lasiliva, la oyendayenda
lagolide, la mabwana
labuluu, la okhazikika kuno, lokhala ndi nkhope ya mwini wake

Ine ndine mlendo, yofiira. Makina akufunsanso za mazoni. Mzindawu anaugawa zigawo ngati minda, ukadumpha malire mtengo ukusintha. Ndikudina imodzi, poti kwathu zotsala timakambirana potsika.

Ndakwerera pakati. Anthu thithithi, kutsogolo sikukufikika. Koma kayendetsedwe kake! Kunyamuka osagwedeza, kuima osakugwetsera pa mnzako. Munthu ameneyu phazi lake ndi la mafuta. Ndikumuona m'maganizo: wa imvi pang'ono, wa magolovesi oyera, wosalankhulalankhula.

Ndatsika kutali. Geti lakana kutseguka, ndipo geti silimva zoti "ndikupatsani mawa". Wa yunifolomu wandiperekeza kukawonjezera, anthu akundipatuka ngati chitsa.

Lachitatu

Mariamu wandigulira khadi lasiliva. "Ababa, mumagunditsa polowa, kugunditsanso potuluka, khalas, basi zatha. Koma mukusakanji m'sitimamo?" Ndati mphepo.

Lero ndikulowera cha kumapeto. Ndikudutsa anthu, pepani, pepani, ndikudumpha kamzere kapinki pansi. Mwadzidzidzi malo ambwee, fungo la perefyumu. Ndikuti eya, fungo la kutsogolo ndi limeneli. Kukweza maso: azimayi okhaokha, onse akundiyang'ana. Mmodzi akundilozera chikwangwani ndi chibwano.

Ine bambo wa ana anayi! Ndabwerera chambuyo ngati ndikutuluka mu depoti ya Limbe. 

Lachinayi

Mlonda wa pa siteshoni ndi wa ku Zambia. "Mdala, uko kumapeto ni kwa gold. Na khadi yanu iyi bazakulipilitsani faini, osayesa."

Ndamvetsa. Nafenso mpando wakutsogolo sitinkaupatsa munthu wamba. Unali wa abusa, wa shehe, wa wapolisi amene waweruka. Dziko ndi limodzi.

Ndasintha sitima pa Union, ndangokhala mpaka ku Jebel Ali, kuloweza msewu. Nyumba zagalasi zikudutsa ngati madzi oimirira, kenako mchenga, kenako magodauni. Maso akulemera. Ndili mu yunifolomu. Mayi a Mariamu akhala pambali panga, chitenje chatsopano, akusenda nthochi. Ndikulengeza ndekha pa chimkuzamawu: otsika pa Union, sunthirani kukhomo, mayi wa mwanayo mupatseni malo! Aluya, Amwenye, Azungu, onse akumva Chichewa.

Ndadzidzimuka dzanja lili mu mtedza wa dalaivala. Kudya m'sitima n'koletsedwa. Ndameza osatafuna.

Lachisanu

Nditachoka ku mapemphero a Juma ndagula tikiti yagolide, ulendo umodzi. Mipando yachikopa, phee ngati ku banki. Ndikuyenda mpaka pa zenera lomaliza, laisensi m'manja.

Njanji ikuthawa. Siteshoni ikuchepa. Ndili kumchira!

Golide yense uja, kuonerera kumene ndachokera. Ndakakumana ndi Mariamu kuntchito kwake, pobwerera wandikweza basi. Dalaivala wa basiyo ndamupatsa moni, wangoti "yalla, yalla", kundifulumizitsa. Si kanthu, sindinabwerere ntchito ya basi.

Loweruka

Ndaitulukira! Sitimayi sitembenuka. Ikamabwerera, mchira umasanduka mutu. Ndasita shati, ndapukuta nsapato, ndagulanso yagolide, ndaima mbali inayo.

Ndalowa. Njanji ikubwera kwa ine. Kutsogolo ndi kuno.

Pali:
zenera lalikulu
chitsulo chogwirira
banja la Amwenye likujambula ndi foni

Palibe mpando, palibe chiwongolero, palibe wa imvi. Ndasuzumira m'mbali kufuna kakhomo. Mtsikana woona matikiti akumwetulira: "Palibe dalaivala, baba. Imayenda yokha."

Ndaima pomwepo mpaka kumapeto kwa njanji. Pa kona iliyonse phewa likupendekeka lokha, phazi likusaka buleki. Sitima ikuima ndendende pa khomo, osaphonya ndi chala chomwe. Sabata yonse ndakhala ndikutamanda munthu woti kulibe, ndipo akundiposa. Zandipweteka kwambiri, ndisaname.

Ndamuuza Mariamu. Waseka mpaka kukhala pansi, kenako waona nkhope yanga, wasiya. "Ababa, bwanji osandifunsa Lolemba?" Ndikanafunsa Lolemba, ndikanalota chiyani masiku onsewa?

Lamulungu

Ku bwalo la ndege tikupita pa sitima yomweyo. Khadi lasiliva, pakati, chikwama pakati pa miyendo. Sindikuyang'ananso kutsogolo.

Uthenga wa mayi a Mariamu: "Nanga ntchito ija?"

Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Pomaliza ndangotumiza zoona: ndinafika mpaka kutsogolo, koma sakufuna munthu. Ndikubwera chimanjamanja.

Masiteshoni awiri adutsa. Pa yachitatu foni yanjenjemera.

"Tangobwerani, bambo. Kuno minibasi ya ku Bangwe sinayambe kuyenda yokha."