Benchi Lomwe Linatontholetsa Makina Anga

Inu, tasunthirani kuno, mumve zomwe konkire inandichita ine.

Ntchito yanga ndi yosema zitsulo pa makina ozungulira aja. Koma makina angawo, poti anali patebulo lathabwa, akangoyamba kuzungulira ankavina. Kuvina kwenikweni, mpaka chiuno! Ndiye kuseri kwa khoma kuli ometa tsitsi, mdala wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina makina atagwedeza khoma, lumo linaterereka n'kulambula msewu pakati pa mutu wa mkwati. Mkwati, inu! Ukwati uli mawa lake.

Ometa anandilowera lumo lili m'manja.

"Achimwene, khomali likangogwedezekanso, ndikukanena kwa eni nyumba. Mutuluka muno zitsulo zanu zili pamutu."

Kunena zoona, ndinaopa. Malo amagetsi ngati amenewa ungawapezenso kuti?

Alamu anga, amene ndi mmisiri womanga, anati, "Pakufunika benchi la konkire apa. Ndibwere ndikuthandizeni?"

"Alamu," ndinatero ine, "munthu woyeza chitsulo mpaka kuonda kwa tsitsi angalephere phala la simenti?"

Anangoti "Chabwino," n'kumapita.

Ndinakhoma bokosi lamatabwa, kuligunditsa kukhoma. Kuti ndisagule miyala yambiri, ndinaponyamo chilichonse cholemera: theka la injini yakufa, masipuling'i a lole, unyolo, ngakhale nsimbi yamakala ya mayi a kunyumba, yomwe akuifunafuna mpaka lero. Nditathira mawilibala angapo, thabwa lam'munsi linangoti phwaa! Konkire khuthu, m'nsapato mwanga. Ndinatseka bowolo ndi matako, n'kumakuwa kuti wina andipatsire hamala. Anandipatsira ndi ometa omwewo, koma atayamba aitana makasitomala awo kuti adzaone.

Tsopano nkhani ya mabawuti omangira makina pabenchi. Miyendo ya makina aja sifanana: kumutu n'kotakata, kumchira n'kopanikizana. Ndinali nditaijambula pathabwa, kuboola, kulowetsamo mabawuti, kuti ndingowamiza mu konkire yaiwisi. Nzerutu zimenezo! Kungoti sindinalembe kuti kutsogolo ndi kuti. Ndinanyamula thabwa lija uku ndikulalikira anthu pakhomo kuti amisiri omanga amangotidyera, ndikulozera nalo uku, kulozera nalo uko, kenaka n'kulikhazika mmene linafikira. Pamwamba ndinasalaza mpaka kuwala, n'kusainapo ndi chala.

Ndinkalithirira madzi m'mawa ndi madzulo ngati dimba. Litauma, ndinaitana amuna onse a mumsewu mwathu kudzanyamula makina.

"Kwezani!"

"Mayo, chala changa!"

"Tsitsani, tsitsani!"

Mabawuti osalowa. Wina anati, "Tatembenuzani tione." Titatembenuza, onse analowa bwinobwino ngati phazi m'nsapato yake. Anthu kuwomba m'manja, ine chifuwa patsogolo.

Ndiye ndikuti ndiyatse, aa! Ndikuona msana wa makina. Zogwirira zonse, ndi batani loyatsira lomwe, zapsompsona khoma. Pakati pake ngakhale dzanja la khanda silingalowe.

Ndinathamangira kwa alamu, manyazi nditawasiya panjira. Atafika anati, "Tsitsani makinawo, tiboole mabowo ena." Choboolera chinalowa pang'ono, n'kulira, n'kutulutsa utsi. Anayesa pena, chimodzimodzi.

"Kodi mwaikamo chiyani umu?"

"Injini."

"Mwati chiyani?"

"Theka lokha, alamu."

Anatenga chihamala chachikulu, kumenya kamodzi, mpini thyo! Benchi osakandika n'komwe. Anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

"Safunsa anadya phula, alamu. Koma kumanga kokha mwamanga. Ili adzalipeza adzukulu a adzukulu anu."

Makina tinawabwezera pomwepo, poti pansi panalibe malo.

Ndiye dzulo ndikungoona ometa akulowa ndi eni nyumba. Ndinati basi, zanga zada. Koma onse nkhope zowala.

"Bwana," akutero ometa, "munthu uyu ndi katswiri! Chimangire benchili, khoma silinanjenjemere ngakhale kamodzi. Ndikumeta ndi maso otsinzina."

Eni nyumba anandigwira chanza ndi manja awiri. "Khalani muno mpaka kalekale, bambo. Bola makinawo azikhala chete chonchi."

Ndinati zikomo kwambiri. Nanga ndikanati chiyani? Malo ndawapulumutsa, inu. M'mawa uliwonse ndimatsekula, kupukuta fumbi pamsana pa makina, n'kukhala pakhomo kumauza makasitomala kuti abwere mawa.