Mbiri ya Aweruka Jazi, Ba Tembo Asanakwere Basi

Lolemba
Ndagula kope lachikuto cholimba. Lamulungu Ba Tembo, woimba banjo wathu, akubwerera kumudzi ku Petauke, maso afooka. Asanapite ndikufuna ndiwawerengere mbiri ya gulu lathu, Aweruka Jazi, tonse tili pamodzi. Tatsala anayi:
- Ba Tembo, banjo
- Ba Mwanza, ng'oma
- Ba Shamboko, maseche
- ine Zulu, babatoni, chibanjo chachikulu cha waya mmodzi
Ndinalowa gulu litayamba kale, ndiye mafunso anga ndi awiri okha. Linayamba liti? Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo yathu yotsekera timaidula pakati, tonse n'kukhala chete? Pofika Lachinayi ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri
Ba Mwanza ndawapeza kumsika. "Lembani kuti nine ninayambisa, benangu benze chabe bonyamula ma dramu." Chaka chake akuti chija mtsinje unasefukira. Za kukhala chete akuti ndi sitayelo yawo. Masamba anayi adzaza, onse okamba za Ba Mwanza.

Lachitatu
Ku Chanyanya pa njinga, msana wanga ukudandaula. Ba Shamboko akusoka ukonde. "Mwanza ni wa boza. Tinayamba chaka ninakwatila." Ndikufunsa kuti ukwati uti, poti maukwati awo atatu onse ndinavinako. Aganiza nthawi yaitali, kenako andipatsa nsomba ziwiri. Kope likununkha.

Lachinayi
Kaseti yathu imodzi yokha ija ndaipeza m'sutikesi! Ndabwereka wailesi kwa aneba. Tamva munthu akutsokomola, ndine ndemwe, kenako wailesi yameza tepi. Ndikupota ndi bolopeni, yaduka. Aneba akuti wailesi yawo sinachitepo zotere.

Lachisanu
Mayi a kunyumba asowa mapepala okulungira zitumbuwa. Masamba a Ba Mwanza agulitsidwa onse kusiteshoni. Ndakwiya mpaka masana, koma kunena zoona mbiri yapepukako.

Loweruka
Kwa Ba Tembo. Katundu ali m'matumba, banjo yokha ili pamwendo. Chaka sakuchikumbukira. Za kukhala chete aseka mpaka misozi. Akuti poyamba ankayeserera kuseri kwa nyumba za anjanji akaweruka kufakitale, ndipo sitima ya katundu inkadutsa akafika pakati pa nyimbo yomaliza. "Tenze kuima chabe kuti ipite, Ba Zulu. Manje tinazolowela." Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kumaukwati kuti ndi luso lozama! Ndikubwerera kunyumba mtima ukuwawa, mawa akupitadi.

Lamulungu
M'kope mwatsala mayina anayi aja ndi mafuta a nsomba. Chowerenga palibe, ndavomera. Ba Mwanza ndi Ba Shamboko akukanganabe za chaka, ndipo agwirizana zokamaliza mkanganowo ku Petauke anthu akakolola, ine ndikanyamule kope.

Poyembekeza nthawi ya basi tikuimba pabwalo pa Ba Tembo, aneba adzaza. Waya wanga wachita dzimbiri, maseche akusowa theka la njere, koma zikumveka. Tafika pakati pa nyimbo ija, tonse anayi taima pamodzi popanda kuyang'anana. Kunjanji kuli zii. Ba Tembo apendeketsa mutu, akumvetsera.

"Yapita," akutero, ndipo tikupitiriza.